K138,000 ya sewero ndi tsiku logawana

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Lamulungu tinabalalika osamvana, ndiye ndati nkhani ya ngongole ya achimwene athu a zisudzo ku banki m'khonde yathuyi tiyambe kuikambirana pano pa foni, kuti tikakumana Lamulungu likubwerali tizingomanga mfundo. Kugawana kwatsala masabata awiri. Aliyense alankhule, koma mwaulemu. Alembi, tiuzeni zomwe zili m'buku.

Mlembi: Zikomo amayi. Sabata yoyamba ya Okutobala achimwene anatenga K240,000. Masheya awo ndi K80,000, ndiye sanapyole lamulo lathu loti munthu akongole mosapitirira katatu pa masheya ake. Chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi. Novembala anapereka K48,000 ya chiwongoladzanja chokha. Disembala uno amayenera kubweza K288,000, abweretsa K150,000. Yatsala K138,000.

Amayi a kaunjika: Nanga tikambirana chiyani pamenepa? Chaka chatha belo linandigwetsa, munali nsanza zokhazokha, koma ndinabweza ndalama yonse mpaka kugulitsa mbuzi. Palibe amene anaitanitsa zokambirana. Chimanga changa ku Ekwendeni chamera kale, chikudikira feteleza wa ndalama yomweyi.

Wazisudzo: Amayi, sindikukana. Ndinasaina ndine. Koma tsiku lomwe ndinapempha ndinanena poyera kuti ndalamayi si ya geni yanga, ndi ya sewero, ndipo ndinati holo ikadzaza ndidzaponyako kena kake m'thumba la zadzidzidzi. Munaomba m'manja nonse. Ine ndinamva kuti tili limodzi. Ngati phindu timati tidyera pamodzi, kuluzaku kukhale kwa ine ndekha bwanji?

Mlembi: Mawuwo ndikuwakumbukira, achimwene, koma inali mphatso imene munalonjeza mwa kufuna kwanu. M'buku ndinalemba kuti ngongole, ndinawerenga mokweza, inu n'kusaina. Gulu likanakhala kuti likulowa nawo bizinesi tikanavota, ndipo simukanapereka chiwongoladzanja cha Novembala.

Msungichuma: Tisanapite patali, achimwene atiuze ndalama inayenda bwanji. Ena akunong'onezana kumsika kuti inadyedwa, ndipo ine manong'onong'o sindiwafuna pa ndalama imene inatuluka m'bokosi lomwe ndimasunga.

Wazisudzo: Malisiti ndili nawo, ndibwera nawo Lamulungu. Holo K70,000. Zokuzira mawu ndi jenereta pamodzi ndi mafuta ake K60,000. Nsalu ndi zina zovala pa sewero K45,000. Kusindikiza maposita K20,000. Za chilolezo, kukopa mapepala a sewero ndi mayendedwe anga potsatira zimenezi K25,000. Tiyi ndi chinangwa cha ochita sewero pokonzekera K20,000. Zonse K240,000. Pakhomo tinapeza K165,000, ndinachotsapo K15,000 yokweza atsikana ndi amayi a m'gulu lathu la zisudzo kubwerera kwawo usiku, ena amakhala ku Zolozolo, ena ku Luwinga. Yotsalayo ndi imene ndinabweretsa. Anthu 12 amene anachita seweroli palibe analandirapo ngakhale tambala. Akhala akubwera madzulo kuchokera ku ntchito ndi kusukulu kuyambira Ogasiti. Sewerolo ndinalemba ndekha, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti aliyense amve, ndipo nane sindinadzilipire.

Amayi a kaunjika: K60,000 ya zokuzira mawu? Kodi alibe pakamwa anthu anuwo?

Aphunzitsi: Amayi, pamenepo ndiwayankhire. Munalipo, mvula ija munaimva mmene inkagundira pa malata. Magetsi atazima chigawo chachiwiri chili mkati, pakanapanda jenereta anthu akanaimirira kufuna ndalama zawo pakhomo. Amene akuchita sewero mu Mzuzu kumapeto kwa Novembala osakonzekera mvula ndi mdima ndiye wosasamala. Za chilolezonso si zopeka. Lamulo loyang'anira zamsangulutso la 1968 limafuna kuti sewero loonetsa pagulu likhale ndi chilolezo, ndipo sewero latsopano amafuna aone zomwe zalembedwamo.

Ine ndili mphunzitsi ndinkaphunzitsa ana zisudzo za Chingerezi za mpikisano wa masukulu wa ATEM, ndiye ndikudziwa kuti chinthu chimene anthu amachiona maola awiri chimadya miyezi. Ngakhale malemu Du Chisiza Jr, mwana wa kwathu kuno kumpoto amene anayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata mu 1987, gulu lake linkadalira kuti anthu alipire pakhomo. Kwathu Drama Group chimodzimodzi. Chimene chikundidabwitsa ine n'china. Holo ija inali ndi anthu ambiri ndithu. K165,000 yokha yatuluka bwanji?

Wa sakaramento (wa njinga ya kabaza): Yewo adada, funso limenelo ndimalidikira. Pakhomo ndinali ine, ndipo ndinasiya njinga tsiku lonse osanyamula munthu. Tikiti inali K2,000 wamkulu, K1,000 mwana. Olipira anali akulu 70 ndi ana 25. Olowa ulere anali 38, ndinkalemba m'kope. Mwa amenewa 9 anali oitanidwa ndi gulu la zisudzo, monga mafumu a m'dera ndi eni holo. Otsala 29 analowera dzina la banki yathu ino. Akulu 21, ana 8. Munthu amangofika ndi banja lake n'kuti ndife a banki, ndalama ya seweroli ndi yathu. Ine mwana wamng'ono ndikanawabweza bwanji makolo anga pakhomo anthu akuona? Imeneyo ndi K50,000.

Msungichuma: Ee, koma zimenezi ndiye sindimazidziwa.

Wazisudzo: Ndi zimene zimandilemera pakamwa Lamulungu. Pakhomo ndalama inali yathu tonse, pobweza yasanduka yanga ndekha. Sankhanipo chimodzi, makolo anga.

Amayi a mandasi: Ine musandiwerengere, ndinalowa ndi beseni kukagulitsa, sindinakhale pampando.

Wa sakaramento: Inuyo sindinakulembeni amayi. Ndinalemba ana anu awiri ndi alamu anu.

Amayi a mandasi: Anawo amandithandiza kunyamula. Chabwino, a alamu ndipereka, mandasi anatha onse tsiku limenelo, sindinganame. Koma za ana tikambirane.

Amayi a kaunjika: Ine achimwene anandipeza okha pa benchi langa n'kuti amayi mudzabwere ndi a kunyumba. Woitanidwa amalipira? Mukanati mudzagule matikiti ndikanadziwa chochita.

Wazisudzo: Ndinakupatsani posita m'manja, amayi, mtengo unalembedwa pamenepo ndi zilembo zazikulu. Ndinaitana msika wonse chimodzimodzi. Kuitana munthu ku sewero n'kumuuza kuti kuli sewero.

Wapampando: Tsitsani mawu nonse awiri.

Telala: Poti zafika apa, nane ndinene. Zovala zonse zija ndinasoka ndine: za mfumu, za namfedwa, mayunifolomu awiri a apolisi. Tinapangana K30,000 ya msoko, kulipira sewero likatha. Sindinalandire, ndipo sindinaitchule chifukwa ndinaona mmene zinathera. Koma nane ndili ndi ngongole ku banki yomweyi, K36,000, ndipo ndimawerengera ndalama imeneyo kuti nditseke. Ndiye mukamati achimwene afinyidwe mpaka atsale manja okha, dziwani kuti mukufinya ndi ine.

Mlembi: Ya atelala ndi ya pakati pa awiriwo, m'buku mulibe. Koma ndi zoona kuti K36,000 yawo ikufunika isanafike nthawi yogawana.

Agogo: Akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ine ndinalowa ndi adzukulu awiri osalipira, chifukwa ndinamva kwa anzanga kuti a banki salipira. K4,000 ndapatsa mwanayu atumize pa Mpamba kwa asungichuma lero lomwe. Ndikufuna ndinene za sewerolo, poti aliyense akungonena za ndalama. Pamene abale a mwamuna ankatulutsa mipando ndi makina osokera m'nyumba ya namfedwa uja, maliro asanathe n'komwe, ine ndinalira, chifukwa zinandichitikira bambo a ana anga atamwalira. Nthawi imeneyo ndinalibe kolowera. Ndamvera m'sewero la mwanayu kuti kuyambira 2011 kuli lamulo la chuma cha masiye, loti wolanda katundu wa namfedwa ndi ana amasiye akhoza kuimbidwa mlandu. Potuluka amayi atatu ankafunsana kuti wilu amalemba bwanji. Mwana ameneyu musamuthamangitse. Ngongole abweze, inde, koma musamuswe msana.

Aphunzitsi: Agogo anena zonse. Ine ndikupempha kuti chiwongoladzanja cha Disembala, K48,000, tiwakhululukire. Olowa ulere akapereka K50,000, yotsala ikhala K40,000 yokha. Imeneyo angaipeze.

Msungichuma: Aphunzitsi, ndikukulemekezani, koma pamenepo ndikukana. K48,000 imeneyo si yanga kapena yanu, ndi phindu la anthu 20, ndipo timagawana molingana ndi masheya. Amene anaponya masheya ambiri ndi amene aluze zambiri, ena mwa iwo ku sewero sanapite n'komwe. Komanso tikatsegula khomo limeneli, chaka chamawa wa tomato akavunda adzabwera, wa nkhuku zikafa ndi chitopa adzabwera, ndipo tidzawakana ndi nkhope yanji? Kumbukirani Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, katundu anakwera aliyense akulira, koma palibe amene tinamuchotsera chiwongoladzanja. Thumba la zadzidzidzi nalonso musaliyang'ane, ndi la maliro ndi matenda.

Amayi a kaunjika: Asungichuma anena zoona. Ingodulani masheya awo K80,000, yotsalayo tikatenge katundu kunyumba monga mwa malamulo athu.

Agogo: Kukatenga katundu kunyumba? Mwana wanga, sewero lija munalionera muli maso?

Wapampando: Za kunyamula katundu tisafikeko msanga. Lamulolo lilipo, koma ndi la munthu amene akuthawa kapena kukana. Achimwenewa abweza kale K198,000 yonse pamodzi ndipo ali pano akuyankha. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Wa sakaramento: Bwanji sewero lichitikenso tisanagawane? Zovala zilipo, anthu mawu akadali nawo pamutu, maposita otsala tingosintha tsiku ndi cholembera. Tipemphe holo ya tchalitchi ku Chiputula kapena ku Mchengautuwa, Loweruka masana kuti tisafune jenereta. Matikiti tigulitsiretu ifeyo, aliyense atenge asanu. Anthu 20 kuchulukitsa ndi 5 ndi matikiti 100.

Wazisudzo: Maganizowo ndi abwino achimwene, koma ndisalonjeze za anthu ena ndisanawafunse. Iwo aja si antchito anga. Mtsikana amene amachita namfedwa akupita kwawo ku Nkhata Bay sukulu akatsekera, ndipo popanda iye palibe sewero. Anyamata awiri ali pa mayeso. Ndikawauza kuti bwerani mudzachitenso ulere kuti ine ndibweze ngongole, ndiyenera kuwauza mosabisa, asankhe okha. Ndipo likachitika, pa ndalama ya pakhomo ndiyamba kuchotsa ya atelala ndi ya mayendedwe a anawo, yotsala ndiyo ibwere ku banki. Sindingawayendetsenso pansi mumvula.

Amayi a kaunjika: Banki ndiye ikhale kumapeto? Ndalama yake ndi imene inabala seweroli. Ndipo ine matikiti asanu sinditenga, ndili ndi katundu wanga wogulitsa.

Telala: Ndikalandira K30,000 yanga ikulowa m'bokosi lomwelo tsiku lomwelo, amayi. Ingodutsa m'manja mwanga basi.

Msungichuma: Zimenezo n'zoona, kwa ine palibe vuto. Koma ngongole zatsopano tinatseka, ndiye ya holo yachiwiriyi isachokere m'bokosi.

Aphunzitsi: Ya holo ndikalankhula ndi akuluakulu a mpingo wathu, ndikapempha kuti tilipire sewero likatha. Akakana ndiyamba ndapereka ine, mudzandibwezera opanda chiwongoladzanja. Pempho langa la K48,000 sindikulichotsa, livoteredwe.

Wapampando: Chabwino. Ndamva mbali zonse, ndipo Lamulungu tivota pa izi. Ngongole ndi ya achimwene, monga buku likunenera. Aliyense amene analowa kapena kulowetsa anthu ulere pa dzina la banki apereke kwa asungichuma pofika Lachisanu, ndipo ndalamayo ichotsedwe pa K138,000. Zikatero yotsala ikhala K88,000. Sewero lachiwiri likatheka, libweze imeneyo. Likalephereka, tsiku logawana tidula pa masheya ndi phindu lawo. Pempho la aphunzitsi tivotanso, ngakhale ine ndili mbali ya asungichuma. Matikiti atenge amene akufuna, sitikakamiza munthu. Ine nditenga khumi. Nanenso mwamuna wanga ali m'kope limenelo, K2,000 yake ndatumiza kale pa Airtel Money.

Msungichuma: Ndalandira ya amayi apampando ndi ya agogo. K6,000. Yatsala K44,000.

Amayi a mandasi: Ya alamu ndibweretsa mawa pamanja. Ana ndipereka ya mmodzi.

Amayi a kaunjika: Mwandilembera anthu angati?

Wa sakaramento: Asanu amayi. Inu, abambo, achemwali anu ndi ana awiri. K8,000.

Amayi a kaunjika: Achemwali anga anabwera paokha, muwafunse eni ake. Ndipereka K6,000, koma kopelo mubwere nalo Lamulungu ndione ndi maso anga, pamodzi ndi malisiti a zokuzira mawu aja.

Wazisudzo: Zonse zibwera. Madzulo ano ndikukumana ndi anzanga a sewero, yankho lawo ndilemba pano mawa m'mawa.

Mlembi: Tikumana 2 koloko kwa amayi apampando ku Chibavi. Osunga makiyi onse atatu musachedwe, ndipo wochedwa chindapusa ndi K500 monga mwa nthawi zonse.