Makhadi a Shohei Ohtani a Topps Chrome 2018: ndiyambire mtundu uti?

Funso: Akuluakulu, ndikusonkhanitsa makhadi a wosewera mpira wa baseball Shohei Ohtani a Topps Chrome (makhadi onyezimira opangidwa ndi kampani ya Topps) a 2018, chaka chimene iye anayamba kusewerera timu ya Los Angeles Angels, ndipo cholinga changa ndi kupeza khadi limodzimodzilo m'mitundu yake yonse. Kodi ndiyambire pati?

Yankho loyamba: Chithunzi chimakhala chimodzi, koma mtundu ndi umene umasonyeza kuchuluka kwa makhadi amene anasindikizidwa. Obiriwira alipo 99, agolide 50, aolenji 25, ofiira 5, pamene SuperFractor, khadi losowa kuposa onse, ilipo imodzi yokha. Yambani ndi Refractor wamba, khadi lonyezimira ngati utawaleza limene lilibe nambala yosonyeza kuchuluka kwake, kenako muzikwera pang'onopang'ono.

Yankho lachiwiri: Ine ndikuona mosiyana, akulu. Makhadi osowa akangolowa m'manja mwa osonkhanitsa anzathu amatha zaka osaonekanso pamsika, choncho mukapeza lagolide pa mtengo umene mungakwanitse musazengereze, chifukwa wambawo mudzawagula nthawi iliyonse.

Yankho lachitatu: Musanalipire, pemphani chithunzi cha kumbuyo kwa khadilo, kumene kumadindidwa nambala monga 12/50, ndipo ngati linaunikidwa ndi PSA, kampani younika ndi kutsimikizira makhadi, mutsimikize nambala ya satifiketi yake pa webusaiti yawo. Muyang'anitsitsenso pamwamba pake, pakuti makhadi onyezimirawa sachedwa kukandika.