Hita ya mawati angati ingakwane chipinda cha amayi anga?

Chemwali_wamkulu:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 78, ndipo kukangozizira mawondo amawavuta mpaka tulo osabwera. Chipinda chawo ndi cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi, chili ndi siling'i komanso zenera limodzi lalikulu. Ndinawagulira kahita ka timachubu towala tija, ka mawati 800. Akakhala pafupi nako miyendo imafunda koma msana uli zii. M'mawa ndimawapeza atadzipinda m'mabulangete atatu, chipewa chili kumutu, ndipo zimandimvetsa chisoni. Ndikuganiza zongogula ya mawati 2500 kuti nkhani ithe. Kodi ndikhala ndachita bwino?

Wamawaya:
Achemwali, musathamangire yaikuluyo. Tiyeni tiyambe tawerengera. Chulukitsani 4 ndi 3, mupeza masikweya mita 12. Ife timayika mawati pafupifupi 100 pa sikweya mita iliyonse, ngati siling'i ili pamtunda wa mamita 2.4 kapena 2.5. Ndiye chipinda cha amayi chikufuna mawati 1200. Chifukwa cha zenera lalikululo, kwezani pang'ono mufike pa 1500. Kukanakhala kuti mulibe siling'i ndikanati muwonjezerenso, poti mpweya wofunda umakwera m'mwamba n'kuthawira kudenga.

Komanso vuto si kuchepa kwa mawati kokha. Kahita muli nakoko kamagwira ntchito ngati dzuwa: kamawotha chimene kayang'anizana nacho basi, n'chifukwa chake msana ukutsalira. Pogona pamafunika ija ya mafuta m'kati, yokhala ndi nthitinthiti. Imachedwa kuyamba, mpatseni theka la ola kapena kuposa, koma imafunditsa mpweya wa m'chipinda chonse mwakachetechete, ndipo ikazima imakhalabe yofunda kwa kanthawi.

Wina asakunamizeni kuti mtundu uwu umatentha kuposa uwo pa mawati ofanana. Ya mafuta ya 1500 ndi ya fani ya 1500 zimatulutsa kutentha kofanana, zimangosiyana kagawidwe kake. Chofunika kwambiri n'chakuti ikhale ndi thermostat, izidzizimitsa yokha chipinda chikafunda. A bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, amalangiza kuti m'nyumba musamatsike pansi pa madigiri 18, ndipo okalamba nthawi zambiri amafuna kupitirira pamenepo pang'ono.

Bambo_a_mapasa:
Ine ndingochenjeza za mawaya, chifukwa ndinatsala pang'ono kuotcha nyumba. Ndinalumikiza hita ya mawati 2000 pa ekisitenshoni yopyapyala yomwe timatchajira mafoni. Pakati pa usiku mayi a kunyumba anandidzutsa kuti akumva fungo la pulasitiki. Titayatsa getsi, pulagi inali itasungunuka mbali imodzi, yakuda bii, ndipo ana anali mtulo chapomwepo. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsemwe. Hita izilowa mwachindunji pa soketi ya pakhoma, payokha. Muzikhudzakhudza pulagi ikayaka kwa ola. Ikamatentha kwambiri, zimitsani muitane wodziwa. Isayandikirenso makatani kapena bedi, pakhale mpata wa mita imodzi, ndipo amayi muwapemphe asamayanikepo zovala.

Chemwali_wamkulu:
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Koma a Wamawaya, ya 1500 ikayaka usiku wonse, magetsi sangandithere msanga?

Wamawaya:
Mawati 1000 akayaka ola limodzi ndiye yuniti imodzi. Ya 1500 itayaka maola 8 osapumira ingadye mayunitsi 12, koma ndi thermostat sifika pamenepo chifukwa imayaka n'kumazima. Kuti izipuma nthawi yaitali, tsekani mipata. Usiku wa lero ikani dzanja pansi pa chitseko cha amayi ndi m'mphepete mwa zenera, mumva pomwe mphepo ikulowera. Pansi pa chitseko pindani thaulo lakale muikepo, pazenera pachikeni katani yochindikala yofika pansi. Kahita kakaleko musakataye, kaziwathandiza masana akakhala pampando, inu muli pafupi.

Chemwali_wamkulu:
Ndangoyesa kumene. Pansi pa chitseko zala ziwiri zikulowa bwinobwino, ndipo mphepo yake ikulunjika pabedi penipeni. Thaulo ndaikapo kale. Mawa ndikafufuza ya mafuta ya 1500.