Kamera yodula ya filimu koma timano ta chitseko n'tapulasitiki, ndigule kapena ndiisiye?

Akuluakulu a pagulu lino, moni nonse. Ndikufuna nzeru kwa amene makamera a filimu munawagwirapo ndi manja, osati ongoonera pa YouTube.

Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Blantyre, ndi kamera ya digito ngati wina aliyense. Koma mtima wakhala ukulakalaka ya filimu yoti ndizijambulira zanga zapamtima, komanso achinyamata ena ayamba kufunsa ngati ndingawajambuleko pa filimu tsiku la ukwati. Achimwene anga amakhala ku Manchester, akubwera pa Khirisimasi, ndipo avomera kundigulira yogwiritsidwapo kale ntchito, ine ndizidzawabwezera pang'onopang'ono. Popeza malensi anga ndi a Nikon, ndatsala ndi ziwiri: F100 ndi FM2.

Maso anali pa F100. Inatuluka mu 1999, imafokasa yokha, imadya mabatire anayi a AA oti ndingagule pa golosale iliyonse, ndipo thupi lake ndi la magnesium. Ndiye powerenga ndapeza anthu ambiri akunena kuti chitseko chakumbuyo, cholowetsera filimu chija, n'chapulasitiki, ndipo timano tokolera chitsekocho timathyoka. Tikathyoka chitseko sichitsekekanso bwino, kuwala kumalowa, filimu yapsa. Enanso akuti pa zoyambirira kafoloko kobwezera filimu m'kachitini kake kankathyokanso.

Zimenezi zandifoola nkhongono. Kamera yoti inali yachiwiri kwa F5, kamera yapamwamba kwambiri ya Nikon nthawi imeneyo, moyo wake wonse n'kugona pa timano tapulasitiki? Pamene FM2 akuti n'chitsulo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kungoti mitengo imene ndikuiona ikufanana ndi ya F100, ina kuposa kumene, chonsecho ilibe chilichonse chimene imachita yokha.

Kodi pulasitiki pa kamera zodulazi ndi chizindikiro choti si zolimba, kapena ndikungodziopseza ndekha? Kumbukirani kuti ikawonongeka kuno masipeya sindingawapeze. Sindikufuna achimwene anyamule chinthu ulendo wonsewo chidzafere m'manja mwanga Isitala isanafike.

Madala a ku Zomba:
Mwana wanga, tengani FM2 muzigona tulo. Ife tinkajambula pa njinga, kamera ili m'chikwama pa keliyala, fumbi, mvula, mabampu, zonse. Ukafika pa tchalitchi anthu atatchena kale, sukanawauza kuti dikirani batire latha. FM2 batire likatha ndi mita yoyezera kuwala yokha imene imagona, shata imagundabe liwiro lililonse mpaka 1/4000 ya sekondi chifukwa imayendera masipuling'i. Anayamba kuipanga mu 1982, sanaisiye mpaka 2001. Mukuganiza n'chifukwa chiyani? Za mapulasitikizi asiyireni ana.

Wokonza makamera ku Johannesburg:
Madala, ulemu wanu, ndipo za FM2 simunaname ngakhale pang'ono. Koma mundilole ndiwonjezerepo, chifukwa ine makamerawa ndimawaona ali maliseche patebulo, zikuto zitachotsedwa.

Chimene anthu amati "kamera yachitsulo" kawirikawiri amanena chikuto chakunja, chimene dzanja likumva. Ndipo dzanja limanyengeka. Canon AE-1 ya 1976, imene ambiri amaitamanda kuti n'chitsulo chenicheni cha kale, chikuto chake chapamwamba n'chapulasitiki, anangochikuta ndi mkuwa ndi chrome kuti chizioneka komanso kuzizira ngati chitsulo. Pentax K1000 zomaliza, zopangidwa ku China, pamwamba ndi pansi pake n'papulasitiki, ndipo zambiri zikujambulabe mpaka lero. Canon T90 ya 1986 kunja konse ndi pulasitiki, koma atolankhani a ku Japan anaipatsa dzina loti "Tank" poona mmene inkapiririra nkhanza.

Kamera ikagwa, chitsulo chimapindika n'kukhala chopindika chomwecho. Ndinalandirapo ina yachitsulo yekhayekha, mtundu sinditchula, imene inagwa kuchokera pa benchi. Kunja kunali kadzenje kakang'ono pakona, mwini wake ankati n'zazing'ono. Koma kadzenjeko kanakanikiza gudumu losinthira liwiro la shata, silinkazunguliranso. Pulasitiki yabwino ikamenyedwa choncho imanjanja n'kubwerera m'malo, kapena imang'aluka pamalo amodzi zam'kati n'kupulumuka.

Pulasitiki yoopsa ndi yaing'ono imene anaipatsa ntchito ya mphamvu. Chitsanzo chodziwika ndi Pentax za MZ, monga MZ-5 ndi MZ-50. Pa mota yokweza kalilole pali kagiya kapulasitiki kosakwana n'chikhadabo chomwe, kovekedwa mothina pa kamtengo kachitsulo. Zaka zikamapita pulasitiki ija imauma n'kufota ngati ndowa yokhalitsa padzuwa, kachitsulo kam'kati sikafota nawo, ndiye kagiyako kamang'aluka kokha ngakhale kamera ili m'kabati. Timaikamo ka mkuwa, kamera n'kudzuka, koma kuti ukafikeko uyenera kumasula pafupifupi kamera yonse.

Timano ta F100 tili m'gulu lomweli, n'zoona timathyoka. Kusiyana kwake n'kwakuti tili panja, poonekera. Pali tachitsulo tolowa m'malo mwake timene anthu amagulitsa pa intaneti, ndipo chitseko chonsecho chimachoka, mutha kuikapo china. Komanso chimene chimatithyola kwambiri ndi kumenyetsa chitseko potseka. Muzigwira kotsegulira chitsekocho kali chotsegula, mukankhe chitseko mofatsa, kenako mukasiye. Timanoto sitilimbana ndi chilichonse mukamatero.

Mwini funso:
Achimwene a ku Johannesburg, apa mwanditsegula m'maso. Za AE-1 zija ndikanakutsutsani pamaso pa anthu. Ndiye mukuti F100 ilibe vuto?

Wokonza makamera ku Johannesburg:
Sindinatero ayi. Ndati timano si timene tingakusowetseni tulo. Chimene sindingakukonzereni ndi zamagetsi. F100 bolodi yam'kati ikafa, njira ndi kugula F100 ina yakufa n'kuchotsamo. FM2 ikayamba kuchedwa shata, nthawi zambiri ndi mafuta ouma, timatsuka, kuthira atsopano, kuyeza, basi yabwerera. Apa ndiye pamene Madala akupambanira, osati pa nkhani ya chikuto.

Mayi a ku Leeds:
Ndivomerezane nawo awa. Onani Contax T2 ya 1990. Thupi lake ndi titanium, ukaigwira umamva kuti wagwira ndalama, ndipo anthu otchuka ataionetsa pa Instagram mtengo unakwera mochititsa mantha. Koma zonse m'katimo zimadalira mota ndi timawaya topyapyala, ndipo Kyocera, amene ankapanga Contax, anasiya za makamera mu 2005. Ikazima mwatsala ndi titanium wokongola woika pa shelefu.

Ngakhale Leica, imene anthu amaipembedza. M3 ya 1954 chikuto chake ndi mkuwa, penti kapena chrome ikatha mkuwawo umangoonekera, ena mpaka amakondwera nazo. M6 ya 1984 anaipangira chikuto cha zinc, ndipo zina zimatuluka timatuza pansi pa utoto. Ndi chitsulo chimenecho, komabe chimadwala. Ataibweretsanso M6 mu 2022 anabwerera ku mkuwa. Mamiya 7 nayo kunja ndi pulasitiki, ukaigogoda imamveka ngati chidole, koma pitani mukafunse mtengo wake, ndiponso muone zithunzi zimene malensi ake amatulutsa.

Mnyamata wa ku Area 25:
Akulu, zonsezi mukuvutikiranji chikhalirecho foni ili m'thumba? Nanga filimuyo mukaitsukitsa kuti? Mugula kamera yosafa koma zithunzi osaziona.

Mwini funso:
Aise, funso lachiwirilo ndi lanzeru, loyambalo ndakukhululukira. Ya kalayo ndizipatsira mnzanga amene amapita ku Johannesburg pa basi kukaoda katundu, akaitsukitse n'kunditumizira masikani. Ya black and white ndikufuna kuphunzira kutsuka ndekha kunyumba, mankhwala ake ndawaika kale pa mndandanda wa achimwene.

Bambo a ku Mangochi:
Nonse mukukangana za chitsulo ndi pulasitiki, palibe watchula nyengo yathu. Kuno kunyanja chimene chimapha kamera ndi chinyontho ndi kutentha. Chuku chimamera m'kati mwa lensi ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi, osachokanso. Siponji yakuda yotchinga kuwala m'mbali mwa chitseko imasungunuka n'kukhala phala lomata, zimenezi zimachitika pa FM2 yomweyo imene Madala akuitama. Labala wogwirira pa makamera a m'ma 1990 amayamba kunanda m'manja. Ndiye batire loiwalika m'kati likatuluka madzi, dzimbiri lobiriwira lija silifunsa kuti thupi ndi la magnesium kapena ayi.

Blantyre si Mangochi, koma dzinja lanu nalonso si lamasewera. Musamaisunge m'chikwama chachikopa m'kabati yamdima. Pezani kontena yotseka bwino, muikemo timapaketi touma tija timabwera m'mabokosi a nsapato, tambiri ndithu, ndipo muzitiwumitsa nthawi ndi nthawi. Mabatire muzichotsa. M'galimoto yoimikidwa padzuwa mu Okutobala musaisiyemo.

Madala a ku Zomba:
Siponji ndi ya kusintha ndi manja, ine ndinkadula ndekha ndi lezala. Bolodi mungadule ndi lezala?

Wojambula wa ku Lusaka:
Pepani ndafika mochedwa, koma pali chimene sindinaone wina atafunsa. Mwati malensi anu ndi a Nikon. Ndi ati? Yang'anani kumbuyo kwa lensi, pafupi ndi polumikizira. Ngati pali mkombero wozungulira wolembedwa manambala a aperture (kukula kwa kabowo kolowera kuwala), 2.8, 4, 5.6 mpaka 16 kapena 22, imeneyo kawirikawiri igwira pa FM2, muzingofokasa ndi dzanja. Ngati mkomberowo palibe, ndiye kawirikawiri ndi ya mtundu umene Nikon amautcha G, ndipo FM2 ilibe njira yoiuzira kuti itseguke bwanji, izingojambula itatsekeka mpaka kumapeto. F100 imayendetsa ma G bwinobwino. Koma nayonso ili ndi malire: malensi a mtundu wa AF-P safokasa, ndipo a mtundu wa E atsopano aja siingawasinthe aperture. A DX, opangidwira makamera a digito a sensa yaing'ono, amadetsa m'makona chifukwa filimu ndi yaikulu kuposa sensa imene anawapangira.

Mwini funso:
Ndangochokera kukayang'ana m'chikwama. Ya 50mm ndi ya 24-70 zonse ndi za G, zilibe mkombero. Yokhayo ili nawo ndi 85mm yakale ya AF-D imene ndinagula kwa mkulu wina atasiya ntchitoyi. Ndiye kuti ndikatenga FM2 ndiyambanso kugula malensi, kapena ndizijambula ukwati wonse ndi 85mm, gulu la akuchikazi ndizikaliimira kutsidya kwa msewu.

Madala, musandikwiyire, ndikuona ngati ndiyambira F100. FM2 idzabwera ndalama zikadzalola, chifukwa zimene mwanenazo zandikhala mumtima. Achimwene a ku Johannesburg, achimwene anga a ku Manchester aja ndiwauze kuti ayang'ane chiyani asanapereke ndalama? Iwowo za makamera sadziwa chilichonse, ndi namwino.

Wokonza makamera ku Johannesburg:
Agule ku shopu yopereka miyezi ingapo ya chitsimikizo, osati kwa munthu wongolemba kuti "sindinaiyese". Ikafika atsegule chitseko, ajambule timanoto ndi foni chapafupi akutumizireni, muone ngati tonse tilipo ndipo palibe mng'alu woyererako m'tsinde mwake. Akatseka agwedeze chitseko ndi chala, chisamasewere. Asolole choikamo mabatire aone ngati mulibe zoyera kapena zobiriwira, chimenechonso n'chapulasitiki ndipo chimavuta kupeza. Makatani a shata asawakhudze ndi chala ngakhale pang'ono, angowayang'ana ngati ali osalala, opanda mafuta kapena kupindika. Kenako aike filimu yotchipa, aijambule yonse, aibweze ndi mota, akaitsukitse komweko nthawi yobweza katundu isanathe. Labala akakhala womata musaikane chifukwa cha zimenezo, amatsukika, mungogwetserapo mtengo.

Timano tachitsulo tija agulirentu, n'topepuka, tikhale m'chikwama kudikira tsiku lake.

Mayi a ku Leeds:
Ndipo filimu zimene abweretsezo asaziike m'sutikesi yopita pansi pa ndege, makina ounikira katundu wa kumeneko ndi amphamvu, amaziwononga zisanajambulidwe n'komwe. Azinyamule m'manja, azichotse m'mabokosi aziike m'kajumbo koonekera, ndipo pachipata apemphe kuti aziyang'ane ndi manja, makamaka pamene pali makina atsopano ounikira katundu otchedwa CT. Ena amavomera, ena amakana, koma apemphebe. Ngati akudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi adzapemphenso kumeneko.