Kodi foni imabera pa chess?

WaBawo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ine changa ndi bawo, chess ndangoyamba kumene chifukwa cha mwana wa achemwali anga amene analowa kalabu kusekondale n'kundiikira masewerawa mufoni. Ndiye pali zinthu ziwiri zikundikayikitsa. Ndinakankha pawn wanga (wankhondo wamng'ono wa mzere wakutsogolo) mabokosi awiri, n'kukaima pambali pa pawn wa foni. Iyo n'kudzera chopingasa, n'kukakhala pa bokosi lopanda kanthu kumbuyo kwa wanga uja, wanga n'kuzimiririka pa bolodi. Wadyedwa bwanji munthu sanapondedwe? Tsiku lina mfumu yake inayenda mabokosi awiri nthawi imodzi, rook (wankhondo wa pakona uja) n'kuilumpha, chonsecho mwanayo anandiuza kuti mfumu imayenda bokosi limodzi basi. Kodi kumeneku si kubera? Komanso sindinaiwinepo olo kamodzi. Imadziwa bwanji zimene ndikuganiza?

Aphunzitsi_aMasamu:
Bambo, mtima m'malo, foni sinakubereni. Zonse ziwirizo zili m'malamulo, kungoti mwanayo anakuphunzitsani mothamanga.

Kudya kwa pawn kuja dzina lake ndi en passant. Pawn amaloledwa kuyenda mabokosi awiri pa ulendo wake woyamba wokha. Akatero n'kukaima pambali pa pawn wa mdani, mdaniyo akhoza kumudya ngati kuti anangoyenda bokosi limodzi. Koma adye pompo. Akayendetsa china kaye, mwayi wapita. Ana anga a m'kalabu amakangana pa lamulo limeneli chaka chilichonse, mpaka ena kufuna kugubuduza bolodi.

Za mfumu zija ndi castling, ndipo inunso muzichita, mwinanso msanga ndithu, chifukwa mfumu yosiyidwa pakati imafa mwachangu. Mfumu imasuntha mabokosi awiri kulowera kwa rook, rook n'kudzakhala mbali inayo. Zimatheka ngati onse awiri sanayendepo, pakati pawo palibe kanthu, mfumu siili pa cheki (kutanthauza kuti palibe mdani amene akuiloza kuti aidye), ndipo sikudutsa kapena kukaima pa bokosi limene mdani akuliloza.

Zinazo mwina mukuzidziwa kale: mabokosi 64, aliyense ankhondo 16, oyera ndiwo amayamba. Rook amayenda mowongoka, bishopu chopingasa, mfumukazi zonse ziwiri, hatchi imakhota ngati chilembo L ndipo, kupatula pa castling, ndi yokhayo imene imalumpha anzake. Pawn akafika kumzere womaliza amasanduka chimene mwafuna kupatula mfumu, ambiri amasankha mfumukazi. Mukamayala bolodi la patebulo, bokosi loyera likhale pakona ya kudzanja lanu lamanja. Ndaonapo akuluakulu akusewera mwaukali pa bolodi loyalidwa mozondoka.

Kompyuta_Kaye:
Aphunzitsi amaliza za malamulo, ine nditengeko funso lomalizalo. Foni sidziwa zimene mukuganiza, malume. Imangoyesa zonse zimene mungachite, zanzeru ndi zopusa zomwe, n'kukonzekera yoopsa kwambiriyo.

Imachita chonchi. Imati: ndikayenda apa, iye angayankhe izi ndi izi, pa yankho lililonse ine ndingabwezere izi, n'kumapitirira choncho. Ikafika pamene yalekezera, imapatsa bolodi lililonse malikisi. Poyambira pake ndi mtengo wa ankhondo: pawn 1, hatchi 3, bishopu 3, rook 5, mfumukazi 9. Kenako imaonjeza zina, monga ngati mfumu ili yotetezeka kapena ngati ankhondo ali ndi koyenda. Ndiye imasankha njira imene ingaipatse malikisi ambiri ngakhale inu mutasewera bwino kwambiri. Inu a bawo mumachita zomwezo mukamawerenga mumtima kuti ndikatapa dzenje ili nkhomo yomaliza ikagwera pati. Kusiyana kwake n'kwakuti foni siitopa, siiwala, ndipo sipsa mtima ikadyeredwa mfumukazi.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Claude Shannon, katswiri wa masamu wa ku America, anailemba mu 1950, makompyuta akadali odzadza chipinda. Zinatenga zaka zambiri kuti makina akhale ndi liwiro lokwanira. Mu 1996 Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse pa nthawiyo, anagonjetsa Deep Blue, kompyuta ya kampani ya IBM, 4-2 ku Philadelphia. Chaka chotsatira ku New York makinawo anabwezera, 3½ kwa 2½. Ankatha kuyang'ana mabolodi pafupifupi 200 miliyoni pa sekondi imodzi. Ndiye musadandaule, muli pamzere umodzi ndi Kasparov.

WaBawo:
Zikomo nonse, za en passant ndamva, ngakhale lamulo lake likuoneka ngati anapanga ndi munthu amene ankaluza. Koma achimwene a kompyuta, ndiye kuti makinawa analoweza masewera onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Kompyuta_Kaye:
Ayi, zimenezo palibe makina angathe. Taonani: oyera ali ndi njira 20 zoyambira, akuda 20 zoyankhira, apo ndi 400 kale. Oyera akayendanso kachiwiri zafika 8,902. Shannon anayerekeza kuti masewera onse otheka ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro 120. Choncho luso lenileni lagona pa kudziwa zosiya. Pulogalamu ikaona kuti njira ina ikuiluzitsa kuposa ina imene yaipeza kale, imaidula pomwepo osaitsatiranso, n'kusunga mphamvu zake kuti ikumbe mozama pa njira zochepa zabwinozo.

Pamene inalowezadi ndi kumayambiriro, chifukwa mapulogalamu ambiri ali ndi nkhokwe ya mayambidwe a akatswiri, ndi kumapeto. Pa bolodi pakatsala ankhondo 7 kapena ocheperapo, kuwerengera mafumu awiriwo, zonse zinawerengedwa kale ndipo yankho lake limadziwika.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi cha mu 2017. AlphaZero ya kampani ya DeepMind inangopatsidwa malamulo okha, osauzidwa kuti rook ndi 5 kapena chiyani, n'kumasewera yokhayokha mpaka inagonjetsa Stockfish, pulogalamu yamphamvu yomwe ndi yaulere. Kuyambira 2020 Stockfish nayo inayamba kugwiritsa ntchito njira yophunzira yotere popereka malikisi, ndipo lero palibe munthu angaiwine ikamasewera ndi mphamvu zonse, olo katswiri wotchuka wa chess Magnus Carlsen amene.

MayiWaHatchi:
Mwalongosola bwino, koma bambowa akufuna kuwina, osati mbiri ya IBM. Bambo, lowani pa settings mutsitse level. Pa level yotsika foni imalakwitsa dala, ndipo nthawi zina imalakwitsa mopusa moti simuphunzirapo kanthu, ndiye ine ndimakonda kusewera ndi anthu pa Lichess, tsamba la chess la pa intaneti, sidya bandulo yambiri. Chinanso chenjerani nacho mukadzayamba kutsogola: mdani akatsala ndi mfumu yokha, musamupanikize mpaka kusowa koyenda asali pa cheki. Imeneyo ndi stalemate, masewera atha mofanana mphamvu ngakhale mutakhala ndi mfumukazi ziwiri. Musadzabwerenso pano kudzati foni yakuberani.