Kodi munthu wokulira kumtunda angawoloke nyanja ya mchere pa boti la mpikisano?

Phiri, Area 25

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za maulendo a panyanja zikuluzikulu. Mwana wa mchemwali wanga, yemwe ndi namwino ndipo akugwira ntchito ku England, watidziwitsa kuti akufuna kulowa nawo mpikisano wa maboti a matanga wotchedwa Clipper, ndipo wasankha chigawo chochokera ku Cape Town kukafika ku Australia. Ndalama akuti akusunga yekha, sakupempha munthu. Mayi ake akanitsitsa, ndipo nkhaniyi aitula kwa ine monga mwinimbumba kuti ndimuletse. Mtsikanayu anakulira kuno ku Lilongwe, ndipo madzi aakulu amene amawadziwa ndi a ku Senga Bay, kumenenso ankangosamba m'mphepete. Sindikufuna kuletsa chinthu chimene sindikuchidziwa, komanso sindingavomereze mwachimbulimbuli. Kodi n'zoona kuti amatenga anthu amene sanayendetsepo boti? Nanga moyo wa m'botimo ndi wotani, ndipo choopsa chenicheni chagona pati?

Mwale, Area 47

A Phiri, n'zoona ndithu, ndipo mpikisanowu unakhazikitsidwira anthu oterowo. Anauyambitsa ndi Sir Robin Knox-Johnston mu 1996. Iyeyu ndi munthu woyamba kuzungulira dziko lonse pa boti la matanga ali yekha osaima padoko lililonse, ulendo umene anaumaliza mu 1969 atakhala panyanja masiku 312. Cholinga chake chinali chakuti mphunzitsi, namwino kapena mlimi nayenso athe kuwoloka nyanja zimene kale ankawoloka akatswiri okha. Musausokoneze ndi The Ocean Race, umene unayamba mu 1973 ndi dzina la Whitbread, chifukwa kumeneko amapikisana ndi amalinyero olipidwa, pamene ku Clipper wokwerayo ndi amene amalipira.

Maboti ake ndi ofanana onse, otalika mamita oposa 20, ndipo lililonse limakhala ndi kaputeni ndi womuthandiza amene ali akatswiri, pamodzi ndi anthu wamba amene amatha kufika 20. Ulendo wonse ndi wa mamailosi a panyanja pafupifupi 40,000, umatenga miyezi ngati 11, ndipo unagawidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu. Munthu akhoza kulipira chigawo chimodzi, zingapo kapena zonse. Asanakwere amayenera kumaliza maphunziro a magawo anayi, gawo lililonse la pafupifupi sabata, amene amachitikira makamaka ku Gosport, kumwera kwa England, ndipo kumeneko amaphunzira kukweza ndi kuchepetsa matanga, kugwira chiwongolero, kupulumutsa munthu wogwera m'madzi ndi kuphika boti lili chipendekere. Ambiri amafika kumaphunziroko asanagwirepo chingwe cha thanga. Choncho kukulira ku Lilongwe si vuto, ndipo kukhala mkazi si vutonso: mpikisano wa 2017 mpaka 2018 anapambana ndi kaputeni wamkazi Wendy Tuck wa ku Australia, ndipo wachiwiri anali kaputeni winanso wamkazi, Nikki Henderson, yemwe panthawiyo anali ndi zaka 25 zokha.

Chimene chandidzidzimutsa ine ndi chigawo chimene wasankhacho. Kuchokera ku Cape Town kukafika ku Fremantle, doko la ku Australia, pali makilomita oposa 8,000, ndipo maboti amakhala milungu itatu kapena inayi osaona mtunda. Kuti apeze mphepo yamphamvu amatsikira kumwera, cha ku madigiri 40 kumwera kwa ikweta (mzere wapakati pa dziko), kumene mphepo ya kumadzulo imazungulira dziko popanda mtunda wokwanira kuitchinga, motero mafunde amakula kwa masiku ambiri osasweka pagombe lililonse. Asanafike kumeneko amadutsa madzi a Agulhas, amene amayenda mwamphamvu kulowera kumwera chakumadzulo motsata gombe la South Africa, ndipo mphepo ikawomba motsutsana nawo mafunde amaima chilili. Ine ndimayendetsako timaboti ta matanga pa nyanja yathu, ndipo mwera wa mu Julayi ndimaulemekeza, koma mwera ukavuta munthu amathawira kugombe tsiku lomwelo. Kumene akupita mwanayu kulibe kothawira.

Nankhoma, Area 18

Bambo Phiri, ine sindinakwerepo boti la Clipper, koma pamene ndinkagwira ntchito ku Cape Town ndinawoloka Atlantic kupita ku Brazil pa boti lalikulu la mpikisano, ndipo ndingakuuzeniko za moyo wa mkati, umene a Mwale sanaufotokoze.

Anthu akamva za ulendo wotere amaganiza za namondwe, koma chimene chimafooketsa munthu tsiku ndi tsiku ndi tulo. Boti la mpikisano siliima usiku. Gulu limagawidwa pawiri, ena ali pamwamba ena akugona, ndipo kusinthana kumachitika pa maola anayi alionse usiku ndi pa maola asanu ndi limodzi masana. Pa maola anayi opumawo muchotsepo nthawi yovula zovala zonyowa, yodya, ndi yovalanso musanaitanidwe, ndipo mupeza kuti tulo tenitenito sitikwana maola atatu. Bedi ndi kansalu komangidwa pazitsulo m'mbali mwa boti, ndipo mumagonapo awiri mosinthana, kotero kuti ukamatsika umapeza malowo akali ofunda ndi thupi la mnzako. Boti likamalimbana ndi mphepo limapendekeka kwa masiku, ndipo kupita kuchimbudzi kokha kumafuna manja onse awiri. Kusamba kwenikweni kulibe, chifukwa madzi abwino amachokera ku makina osefa madzi a mchere ndipo amasungidwira kumwa ndi kuphika. Tsiku lililonse anthu awiri amachoka pa ntchito ya pamwamba n'kukhala ophikira gulu lonse, m'kakhitchini kamene chitofu chake chimalendewera kuti mphika usatayike. Zili ngati kukhala m'basi yausiku yodzaza imene siima kwa milungu itatu, ndipo woyendetsa wake ndi inu nomwe okweramo.

Masiku oyamba ambiri amasanza, ngakhale amene anazolowera. Nseru imeneyi imatha yokha kwa anthu ochuluka pakapita masiku awiri kapena atatu, koma munthu akaleka kumwa madzi chifukwa cha kusanzako amafooka msanga, ndipo ntchito yake imagwera anzake amene nawonso atopa. Apa ndi pamene khalidwe la munthu limaonekera. Pa boti lathu panali bambo wina wamphamvu kwambiri, wodziwa matanga kuposa tonsefe, koma ankachedwa mphindi zisanu nthawi iliyonse yosinthana. Pamtunda mphindi zisanu si kanthu, koma kwa munthu amene wakhala maola anayi mumdima akuthiridwa madzi, mphindi zimenezo zimakhala mlandu, ndipo pofika pakati pa ulendo gulu linali litamutaya bamboyo mumtima. Amene ankakondedwa ndi amene ankabwera msanga atanyamula tiyi wa anzake.

Mwana wanu ndi namwino, ndipo zimenezo zimamuyikira kumbuyo kuposa mmene mukuganizira. Kugwira ntchito usiku anazolowera, kutsata malamulo atatopa amadziwa, ndipo masanzi ndi magazi sizimuopsa. Mudziwe chabe kuti gulu likadziwa ntchito yake lidzamudalira pa odwala ndi ovulala, ndipo ngakhale pamakhala madokotala a pamtunda olangiza kudzera pa foni ya setilaiti, manja osoka bala adzakhala ake, boti likugwedezeka.

Gama, Kawale

Ndawerenga mayankho awiriwa ndipo ndikuona kuti palibe amene watchula imfa, pamene a Phiri afunsa kuti choopsa chagona pati. Mu Seputembala 2015 Andrew Ashman anafa pafupi ndi gombe la Portugal atamenyedwa pamene thanga lalikulu linatembenuka mwadzidzidzi. Mu Epulo 2016 Sarah Young anakokoloka ndi funde kumpoto kwa Pacific, pakati pa Qingdao ku China ndi Seattle ku America, ndipo panthawiyo anali asanadzimangirire ku boti. Mu Novembala 2017 Simon Speirs anagwera m'madzi pa chigawo chomwechi cha Cape Town kupita ku Fremantle. Iyeyu anali atadzimangirira, koma ngowe ya lamba wake inakodwa n'kupindika, ndipo atamuvuula anali atamwalira. Mtembo wake anauika m'nyanja momwemo, chifukwa mtunda unali kutali. Pa mpikisano womwewo boti lina, la Greenings, linagunda miyala patangopita maola ochepa lichokereni ku Cape Town, ngakhale kuti anthu onse anapulumutsidwa.

Mfundo ya kuikidwa m'nyanjayo muiganizire bwino, a Phiri, chifukwa kwathu kuno maliro opanda mtembo ndi bala limene silipola, ndipo mayi a mwanayu sakulakwa kuchita mantha. Ngakhale nyanja yathu yomweyi inameza sitima ya Vipya mu 1946 ndi anthu oposa 140. Za ndalamanso sitinganyalanyaze. Chigawo chimodzi pamodzi ndi maphunziro, zovala, inshuwalansi, ziphaso ndi matikiti a ndege chimadya mapaundi zikwi zingapo, ndipo mmene kwacha yagwera chichokereni Novembala 2023, ndalama zimenezo zikhoza kugula poloti kuno. Ine ndikanakhala malume ake ndikanamuuza kuti adikire.

Phiri, Area 25

Zikomo nonse. A Gama, za poloti ndazimva, koma ndalamazo ndi zake, ndipo udindo wake kumudzi sanauphonyepo, choncho pamenepo ndilibe pomugwirira. Chimene chandikhudza ndi nkhani ya a Speirs, popeza iwo anachita zimene anauzidwa koma anafabe. Mayi Nankhoma, ngati lamba yemweyo akhoza kulephera, munthu amadalira chiyani? Ndipo kodi pali chigawo china chimene ndingamulangize m'malo mwa chimenechi?

Nankhoma, Area 18

Zimene alemba a Gama ndi zoona zonse, ndipo mwana wanu ayenera kuzimva kuchokera kwa inu ngati sanazimve kale. Ndingowonjezera nkhani imodzi ya mpikisano womwewu. Mu 2014 Andrew Taylor anagwera m'madzi ozizira a Pacific ndipo anakhalamo kupitirira ola ndi theka, koma anzake anamupeza wamoyo, chifukwa anali atavala suti yosalowa madzi ndi jekete yoyandamitsa, anali ndi kachipangizo kosonyeza pamene ali, ndipo gulu linachita zimene linaphunzira osabalalika. Yankho langa ku funso lanu lili pamenepo. Palibe chipangizo chimodzi chimene munthu amadalira. Pali lamba, pali jekete, pali kachipangizo kaja, pali mnzako amene amayang'ana ngowe yako usanapite kutsogolo kwa boti, ndipo pali kaputeni amene amalamula kuchepetsa matanga mphepo isanafike poipa, ngakhale kutero kuchititse kuti boti lina liwapitirire. Imfa ya a Speirs inafufuzidwa ndi nthambi ya boma la Britain yoona za ngozi za panyanja, ndipo inachititsa kuti oyendetsa maboti achenjezedwe za mmene ngowe zimapindikira zikakokedwa cham'mbali. Zimenezi sizichotsa ngozi, ndipo amene angakuuzeni kuti ulendowu ndi wotetezeka kotheratu akukunamizani.

Kumuletsa sindikulangizani, chifukwa ndi munthu wamkulu wokhala kutali, ndipo mukatseka khomo adzangopita osakuuzani. Mufunseni mafunso amene angasonyeze ngati waganiza mozama. Wamalizapo gawo lililonse la maphunziro aja, kapena akungoonera mavidiyo pa YouTube? Atagona m'boti lonyowa m'nyengo yozizira ya ku England, anadzuka akufunabe? Inshuwalansi yake ikulipira chiyani ngati atavulala n'kutsitsidwa padoko la dziko lina? Munthu amene sanayesepo sangayankhe mafunso amenewa, ndipo sabata imodzi ya maphunziro imabweza anthu ena popanda malume kulankhula. Akabwera kutchuthi mupite naye ku damu la Kamuzu ku Malingunde, kumene anthu amayendetsa timaboti ta matanga, kapena kunyanja nthawi ya mwera, kuti inu ndi mayi ake muone ndi maso mmene thanga limagwirira ntchito. Mantha a chinthu chimene munthu wachionako amapepukako.

Za chigawo, palibe chofewa. Choyamba, chochokera ku Britain kupita ku South America, n'chotalika ndipo chimadutsa pa ikweta, pamene mphepo imatha kufa kwa masiku anthu akupsa ndi dzuwa, koma madzi ake ndi ofunda ndipo mphepo yake nthawi zambiri ndi yokhazikika. Chachiwiri, chimene m'mipikisano yaposachedwapa chakhala chikuchokera ku Punta del Este ku Uruguay kudzafika ku Cape Town, n'chachifupi, cha milungu iwiri ndi masiku angapo, ndipo chili ndi mafunde aakulu okwanira kumukhutitsa ngati chimene akufuna ndi kulawa nyanja za kumwera. Ine ndikanamukokera ku chachiwirichi. Chimatheranso pamalo amene inu ndi mayi ake mungathe kufikapo pa basi ya ku Johannesburg n'kulumikiza ya ku Cape Town, ndipo pamene ali panyanja mukhoza kumaona pa intaneti pamene boti lake lafika, chifukwa okonza mpikisano amaonetsa malo a maboti onse pa mapu tsiku lililonse.