Kodi mawu akuti "kubindikira" angakwanire munthu amene sadzatulukanso?

Akuluakulu ndi inu nonse odziwa Chichewa chakale, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira Lamlungu lapitali, ndipo ndikupempha kuti mundiunikire ndisanaimenso pamaso pa anthu a mumphakati mwathu.

Ndinapemphedwa kufotokoza mbiri ya mayi wina wa ku England wotchedwa Julian wa ku Norwich. Mu Meyi chaka cha 1373, ali ndi zaka 30, mayiyu anadwala mwakayakaya mpaka anaitanitsa wansembe, amene anafika ndi mtanda n'kuugwira patsogolo pa nkhope yake kuti atsirizike akuuyang'ana. Ali chiyang'anire mtandawo, anaona magazi akutsika kuchokera pansi pa chisoti chaminga, ndipo apa ndi pamene panayambira masomphenya ake 16. M'masomphenya ena anaona kanthu kobulungira, kochepa ngati njere ya mtedza, kali m'dzanja lake, nauzidwa kuti kanthuko ndi zolengedwa zonse, ndipo kuti sikatha chifukwa Mulungu amakakonda. Anachira, ndipo anatha zaka pafupifupi 20 akusinkhasinkha zimene anaonazo asanazilembe mwatsatanetsatane.

Vuto linandipeza pofotokoza moyo umene anasankha pambuyo pake. Analowa m'kachipinda komangidwa kukhoma la tchalitchi cha St Julian, ndipo analumbira kuti sadzatulukamo. Mwambo wotsekera anthu otere unkatsogoleredwa ndi episkopi kapena wansembe womuimira, ndipo ankapemphera mapemphero a maliro munthuyo akumva ndi makutu ake, kenaka chitseko n'kutsekedwa. Ine ndinati mayiyu anabindikira. Nthawi yomweyo agogo ena amene anakhala pamkeka pafupi ndi khomo anapukusa mutu, nasiya kolona imene inali m'manja mwawo, nati: "Mwana wanga, wobindikira amakhala ndi tsiku lotuluka. Ameneyo sanabindikire, anadziika m'manda. Ndipo kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu." Ndinasowa poyambira kuwayankha, ndipo anthu anaseka mondimvera chisoni.

Nditaganizira bwino, ndaona kuti pa mfundo yoyamba agogowo sanalakwitse kwenikweni. Mayi amene wachira kumene amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa khanda utagwa, kenaka amatuluka. Namwali amakhala m'tsimba masiku owerengeka, ndipo chimene mudzi wonse umadikira ndi tsiku lakuti atuluke atametedwa ndi kuvekedwa. M'bindikiro wa ansembe ndi asisitere uli ndi tsiku lotsekera. Ngakhale m'bindikiro umene boma linalengeza mu Epulo 2020 chifukwa cha mliri, umene khoti linauimitsa usanayambe, unali wa masiku 21. Kulikonse kumene ndayang'ana, munthu amabindikira kuti adzabwerere kwa anthu ali wosinthika. Funso langa loyamba tsono ndi ili: kodi kutuluka kuli m'kati mwa tanthauzo la mawuwa kuchokera kale, kapena tangozolowera kuwamva pa zinthu zimene zimatha? Ngati alipo amene anamvapo akale akunena za munthu wobindikira moyo wake wonse, ndingakondwe kumva chiganizo chenichenicho ndi dera limene anachimva.

Pa mwambi paja ndiye sindikugwirizana nawo agogowo, ngakhale sindinathe kuwatsutsa pagulu. Mmene ndimaumvera ine, mawu akuti "kokha" sanena za kugona wekha m'nyumba, koma za munthu wopanda womudandaulira, wopanda womulangiza, amene naye salangiza wina aliyense. Ngati zili choncho, Julian sanali yekha. Tizipinda totere tinkakhala ndi zenera loyang'ana ku guwa kuti wotsekeredwayo azimva Misa ndi kulandira Ukaristia, lina lolandirirapo chakudya kwa wantchito, ndi lina loyang'ana kumsewu kumene anthu ankabwera ndi mavuto awo. Makalata ogawa chuma cha masiye a pakati pa 1394 ndi 1416 akuonetsa kuti anthu ankamusiyira ndalama, ndipo ena ankasiyirako ngakhale antchito ake. Cha m'ma 1413, Margery Kempe wa ku Lynn, mayi wa ana 14 amene ankalira mofuula m'tchalitchi mpaka kunyansa anzake, anapita pazeneralo kukafunsa ngati misozi yake ndi mawu amene ankamva zinali zochokera kwa Mulungu, ndipo anacheza naye masiku angapo. Buku la malangizo a amayi otsekeredwa lotchedwa Ancrene Wisse, la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, limadandaula kuti anthu ankati nkhani za m'mudzi zimachokera kuchigayo, kumsika, kwa wosula zitsulo ndi kunyumba ya wotsekeredwa. Munthu amene akumuchenjeza za miseche sitinganene kuti ndi kanyama ka m'tchire. Buku lomwelo, ndinene modutsa, linkawaloleza kuweta mphaka.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi akale poponya mwambi umenewu ankadzudzula kukhala patali ndi anthu, kapena kukana nzeru za anthu?

Kuwonjezera: bambo wina wandilangiza kuti ndigwiritse ntchito mawu akuti "kudzipatula". Zikomo bambo, koma ndikuwaopa mawu amenewa, chifukwa kwathu kuno wodzipatula ndi munthu amene wakwiya ndi abale ake kapena amene akudzimva kuti ndi woposa ena, pamene Julian analemba mobwerezabwereza kuti zimene anaona sizinali zake yekha koma za Akhristu anzake onse. Mawu akuti "kudzitsekera" nawonso akusiya kunja episkopi ndi mpingo umene unamutsekerayo n'kumamudyetsa. Ngati kwanu kuli liwu lina lakale lonena za munthu amene mudzi wamupatula chifukwa cha zopempherera, chonde nditumizireni lisanafike Loweruka, chifukwa agogo aja anena kuti adzakhala pamkeka womwewo.