Thandizeni: abwana akufuna ndondomeko ya kapangidwe ka chiponde pofika Lolemba

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu a pa gulu lino, ndikupempha nzeru chifukwa tulo sindikutiona. Ndimagwira ntchito pa kafakitale kopanga chiponde ku Kanengo, ndipo miyezi iwiri yapitayo anandikweza kuti ndiziyang'anira kapangidwe ka katundu, ngakhale malipiro sanakwere ndi tambala yomwe, pamene mnzanga amene anandipeza pantchito anamugulira kale foni ya ofesi. Sabata yatha zivindikiro za mabotolo zinatha mwadzidzidzi, makina anaima masiku anayi, mtedza wokazinga kale unangokhala m'migolo, ndipo eni masitolo awiri anabweza maoda awo. Pamsonkhano abwana anandifunsa pamaso pa anthu kuti reorder point yathu ndi iti, safety stock ndi yochuluka bwanji, komanso bottleneck ili pati, ine ndinangoti kakasi. Amene anali pampandowu ndi mlamu wa abwanawo, ndipo anachoka ndi kope limene ankalembamo zonse. Kodi mawu amenewa akutanthauza chiyani kwenikweni, nanga ndiziitanitsa zivindikiro zikatsala zingati?

Injiniya wopuma ntchito:
Mwana wanga, ndagwira ntchito m'mafakitale zaka zoposa makumi atatu, choncho mundimvetsere bwino. Abwana anuwo akukufunsani mafunso achikale. Nzeru yeniyeni ndi just-in-time, imene Taiichi Ohno anaikhwimitsa ku kampani ya Toyota nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, yoti chipangizo chizifika nthawi imene chikufunika komanso pa mlingo umene ukufunika basi. Iwo ankagwiritsa ntchito timakadi totchedwa kanban: bokosi likatha, kakhadi kake kamabwerera kumbuyo monga chilolezo choti apange kapena abweretse lina. Katundu wodzaza m'nyumba yosungiramo ali ngati madzi a mtsinje amene amabisa miyala, ndipo mukawachepetsa ndi pamene mumaona mavuto anu enieni.

Mayi wopanga sopo ku Ndirande:
Bambo injiniya, ndi ulemu wonse, uphungu umenewo ndi umene unandigwetsa ine. Ndinkagula kositiki wokwanira sabata imodzi yokha chifukwa wina anandiphunzitsa zomwezo pa maphunziro a amalonda, ndiye mu November 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, thumba limene ndikanagula mwezi wapitawo linakwera moti ndinatseka kwa milungu itatu. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, katundu wathu amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenaka n'kudikira pachipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe. Amene amapangira Toyota zipangizo ambiri anamanga mafakitale awo pafupi ndi iyo, pamene ife wotigulitsa ali kutsidya kwa malire awiri.

Injiniya wopuma ntchito:
Amayi, chimene chinakugwetsani si just-in-time ayi, koma kusapangana bwino ndi wokugulitsani. Anthu athu timakonda kunamizira malire ndi misewu pa zinthu zimene zafooka m'manja mwathu.

Wowerengera ndalama wa ku Limbe:
Tiyeni timuyankhe mwini funso. Lead time ndi masiku amene amadutsa kuchokera pamene mwapereka oda kufikira pamene katundu walowa pakhomo panu n'kukhala wokonzeka kugwiritsidwa ntchito. Safety stock ndi katundu wapadera amene mumasunga kuopa kuti galimoto ingachedwe kapena ogula angachuluke mosayembekezereka. Reorder point ndi chiwerengero chimene katundu akatsika n'kufikapo mumaitanitsa wina, ndipo mumachipeza pochulukitsa zimene mumagwiritsa ntchito patsiku ndi masiku odikirawo, kenaka n'kuwonjezera safety stock. Mwachitsanzo chabe, ngati mumatseka mabotolo 400 patsiku ndipo zivindikiro zimatenga masiku 21 a ntchito kuti zifike, mukufunika 8,400, ndiye mukawonjezera 2,000 zodzitetezera, muziitanitsa zikangotsala 10,400. Koma simunatiuze kuti zivindikirozo mumagula kuti ndipo zimatenga masiku angati, pamene yankho lonse lagona pamenepo. Ngati mumazitenga mu Lilongwe momwemo, nkhani yake ndi ina kutalitali ndi zochokera ku Johannesburg.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ine ndikuona kuti abwana anu anafunsa funso limene yankho lake linali patebulo pomwepo, pakuti bottleneck ndi khosi la botolo, ndipo vuto lanu linali pamwamba penipeni pa khosilo, pamene panasowa chivindikiro.

Bambo wa bungwe la apantchito:
Chimene chikundidabwitsa ndi chakuti nonse mukuwerengera zivindikiro pamene munthu wavomera udindo wopanda kalata komanso wopanda malipiro ake. Achimwene kapena achemwali, tsiku limene makina adzaimenso mudzachotsedwa ngati woyang'anira, koma mukulipidwa ngati wonyamula matumba. Musanalembe ndondomeko iliyonse, pemphani kalata yofotokoza ntchito yanu.

Kapitawo wa pa fakitale yoyenga mafuta:
Pa nkhani ya bottleneck, limene ndi gawo lochedwetsa ntchito yonse, tengani wotchi ndi kope mawa m'mawa, muime pa gawo lililonse kwa ola limodzi. Ngati chokazingira chimatulutsa makilogalamu 60 pa ola pamene chigayo chimatha kupera 100, ndiye kuti fakitale yanu yonse imapanga 60, ngakhale mutagula chigayo chachiwiri. Chizindikiro chake n'chosavuta, chifukwa katundu amaunjikana podikira kulowa m'gawo lochedwalo pamene amene amalandira katundu kuchokera m'gawolo amangocheza. Mtedza wanu wokazinga umene unakhala m'migolo uja ndi umene amautcha work in progress, ndalama imene yachoka m'thumba koma sinasanduke chinthu chogulitsa. Ine chinandiphunzitsa zimenezi ndi chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, pamene tinkayenera kuonetsetsa kuti magetsi akangoyaka, makina ochedwa aja ayambe oyamba ndipo asaime ngakhale pa nthawi ya nkhomaliro.

Injiniya wopuma ntchito:
Akapitawo anena zoona pang'ono, koma aiwala takt time, imene ndiyo mtima wa zonse. Mumatenga nthawi yogwira ntchito n'kuigawa ndi zimene ogula akufuna. Maola 7 ndi masekondi 25,200, ndiye ngati msika ukufuna mabotolo 600 patsiku, botolo lizituluka pa masekondi 42 aliwonse. Amene sakudziwa nambala imeneyi asadzitchule kuti ndi woyang'anira.

Mayi wopanga sopo ku Ndirande:
Nanga botolo lopanda chivindikiro likatuluka pa masekondi 42, bambo, mulitseka ndi chiyani?

Mlangizi wa zaulimi wa ku Mchinji:
Palibe amene watchula mtedza weniweniwo. Mtedza umakololedwa kamodzi pachaka, kuyambira cha mu April, choncho pamenepo simungachitire mwina koma kusunga wambiri, ndipo ukasungidwa pachinyontho umachita chuku chimene chimabala poizoni wa aflatoxin. Muzigwiritsa ntchito matumba amene analowa oyamba, ndipo mtanda uliwonse wa chiponde ukhale ndi nambala yake pa botolo, kuti a Malawi Bureau of Standards akafunsa muthe kulondola kumene mtedzawo unachokera. Lembaninso bill of materials, umene ndi mndandanda wa zonse zolowa m'botolo limodzi: mtedza, mchere, botolo, chivindikiro ndi chipepala chomata. Mukadakhala nawo, chivindikiro sichikanaiwalika powerengera.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zambiri. Ndangomva kumene kuti mlamu uja akuuza anthu kuti pa nthawi yake makina sanaimepo, chonsecho aliyense akudziwa kuti ankabwereka zivindikiro kwa anzake usiku. Zimenezi zandipweteka kwambiri. Kodi pa ndondomekoyo ndiyambe ndi kanban kapena ndi safety stock?

Wowerengera ndalama wa ku Limbe:
Ndikubwerezanso funso langa mwaulemu. Zivindikirozo zimachokera kuti, ndipo oda yomaliza inatenga masiku angati kuti ifike? Yang'anani tsiku la pa invoisi ndi tsiku limene mlonda analemba galimoto pageti.

Injiniya wopuma ntchito:
Yambani ndi kanban, mwana wanga, ndipo amayi a sopo aja asakusokonezeni.